Mafani Akuzungulira Koma Sikirini Ili Bii: Momwe Mungapezere Vuto la RAM pa Kompyuta Yomanga Nokha

Mwamanga kompyuta yosewerera magemu, mwadina batani, mafani akuzungulira, timagetsi tamitundumitundu tikuphethira, koma sikirini ili bii. Kapena ikuyaka masekondi 10, n'kuthima, n'kudziyatsanso yokha mobwerezabwereza. Zikatere ambiri amafulumira kunena kuti RAM, yomwe ndi memory ya kompyuta, yafa. Nthawi zambiri imakhala yamoyo ndithu. Imakhala kuti sinalowe mokwanira, yaikidwa mu siloti yolakwika, kapena yauzidwa kuthamanga liwiro lomwe pulosesa sikulikwanitsa. Musagule ina musanaifufuze. Ndipo pofufuzapo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi: sinthani, yatsani, onani, lembani papepala. Mukasintha zitatu pakamodzi, ngakhale iyake simudzadziwa chomwe chinali cholakwika.

Tsimikizani kaye kuti wolakwa ndi RAM

Yambani ndi chingwe cha HDMI kapena DisplayPort. Chiyenera kulowa mu graphics card, osati kumabowo a motherboard. Mapulosesa a Intel omwe dzina lawo limathera ndi F, monga i5-12400F, ndi a Ryzen ngati 5600 ndi 5600X, satulutsa chithunzi paokha, ndiye kompyuta ikhoza kukhala itayaka bwinobwino inu osaona kanthu.

Kenako suzumirani pa motherboard. Ambiri a masiku ano ali ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU (pulosesa), DRAM (RAM), VGA (graphics card) ndi BOOT, kawirikawiri pafupi ndi chingwe chachikulu cha mapini 24. MSI imatitcha EZ Debug LED, ASUS imatitcha Q-LED. Timayaka motsatana pamene kompyuta ikudziyesa, ndipo komwe kakhala koyaka osathima ndi pomwe yakakamira. Pa ASUS, kagetsi ka DRAM ndi kachikasu. Ngati motherboard yanu ili ndi kasikirini ka manambala awiri, 55 ikutanthauza kuti sikuona RAM n'komwe, pamene 50 mpaka 54 ikusonyeza kuti yaiona koma yalephera kuidzutsa. Ikakhala ilibe zonsezi, lumikizani kasipika kakang'ono pamapini olembedwa SPEAKER. Pa ASUS, kulira kumodzi kotalika kotsatiridwa ndi kuwiri kwakufupi, mobwereza, ndiye kuti RAM sikuoneka. Kwa makampani ena kulirako kumasiyana, choncho kabuku ka motherboard kakhale pafupi.

Ngati ndi DDR5, dikirani

Apa ndi pomwe anthu ambiri amadzivutitsa okha. Ikamayaka koyamba, motherboard imayesa nthawi ndi mphamvu ya magetsi pa njira iliyonse yopita ku RAM mpaka zitagwirizana. Akatswiri amati memory training. Pa RAM ya mtundu wakale, DDR4, zimatha musanazindikire. Pa DDR5, makamaka pa AM5, soketi (malo okhala pulosesa) ya Ryzen 7000 ndi 9000, zimatenga mphindi zingapo, ndipo RAM ikachuluka, monga 64 GB, zimachedwerapo. Nthawi yonseyi kagetsi ka DRAM kamakhala koyaka, sikirini ili yakuda, ndipo kompyuta ikhoza kudzithimitsa n'kudziyatsanso. Mukaithimitsa pakati, imayambiranso pachiyambi. Ipatseni mphindi 5, ngakhale 10, musanaigwire.

Zulani, mulowetsenso bwino

Thimitsani switch yakumbuyo kwa power supply, zulani chingwe cha kukhoma, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira athe. Musadumphe zimenezi: kompyuta yothimitsa koma yolumikizidwa kukhoma imakhalabe ndi magetsi pa motherboard. Gwirani chitsulo cha kesi musanagwire RAM, ndipo muziigwira m'mphepete, osati pa timano tagolide.

Igonekeni kesiyo chagada. Tsegulani tokanikizira takumapeto kwa siloti. Onani kampata kali pakati pa timano ta RAM: sikali pakati penipeni, choncho imalowa mbali imodzi yokha. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi timano 288, koma kampataka kali pamalo osiyana, ndiye ngati sikakugwirizana ndi siloti mbali zonse ziwiri, mwagula mtundu wolakwika ndipo musaikakamize. Motherboard ya soketi ya AM4 imalandira DDR4 yokha, AM5 DDR5 yokha. LGA1700 ya Intel ndiyo imasokoneza anthu, chifukwa ilipo ya DDR4 ndi ya DDR5. Dzina la motherboard likakhala ndi D4 kapena DDR4, mwadziwa kuti ndi ya DDR4.

Kanikizani ndi zala zazikulu mbali zonse mpaka mutamva kuti "khethe". Pamafunika mphamvu yoposa yomwe munthu womanga koyamba amalimba nayo mtima. Chenjerani ndi masiloti okhala ndi chokanikizira mbali imodzi yokha: mbali yapansi, yoyandikana ndi graphics card, imatha kutsala m'mwamba ndi milimita imodzi, kumwamba kutatsekeka bwinobwino. Unikani ndi tochi ya foni chammbali. Mukaona golide akuonekera, sinalowe.

Nanga siloti iti? Ngati masiloti ndi anayi ndipo RAM zanu ndi ziwiri, ikani mu A2 ndi B2, yachiwiri ndi yachinayi kuwerenga kuchokera ku pulosesa. Chifukwa chake n'chakuti njira za magetsi zimadutsa pa A1 n'kukathera pa A2. Mukaika RAM pa A1, kachidutswa ka njira kotsala kopanda kanthu kamabweza uthenga ngati mawu a m'phanga, n'kusokoneza. DDR4 yoyenda pang'onopang'ono nthawi zina imapirira, koma DDR5 nthawi zambiri imakana. RAM ikakhala imodzi, malo ake ndi A2.

Ngati RAM ndi yakale kapena kompyuta yakhala pafumbi la m'chilimwe, pukutani timano take ndi kansalu kopanda ubweya konyowetsa ndi isopropyl alcohol ya 90 peresenti kapena kuposa. Labala woyera wofufutira pensulo amathandizanso, bola muchotse zinyenyeswa zake. Siloti muipemerere ndi mpweya wa m'chitini kapena kapampu, osati pakamwa.

Imodziimodzi

Tengani RAM yoyamba, muike mu A2 yokha, yatsani. Kenako thimitsani, zulani kukhoma, muikepo yachiwiri pamalo omwewo. Zotsatira zake zimalankhula zokha. Ikayaka ndi imodzi n'kukana ndi inayo, ndiye yokanayo ndi yoonongeka; bwezani paketi yonse, chifukwa ogulitsa amasinthitsa zonse ziwiri pamodzi. Zikayaka zonse payokhapayokha mu A2, RAM zilibe mlandu. Tengani imodzi muiyendetse ku B2. Ikakana pamenepo, vuto lili pa channel B, njira ya masiloti B1 ndi B2, ndipo muyang'ane ku pulosesa. Zikayaka paliponse payokhapayokha koma n'kumakana zikakhala pamodzi, ganizirani za BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yomwe imadzutsa kompyuta), liwiro, kapena kuti ndi zosagwirizana. Zikakana zonse paliponse, musanataye mtima chitani chotsatirachi.

Fufutani zomwe BIOS ikukumbukira

Ichi ndi choyamba kuchita ngati kompyuta inali kuyaka ndipo yasiya mutangoyatsa XMP kapena EXPO (zosankha za mu BIOS zothamangitsa RAM pa liwiro lolembedwa pa paketi), kapenanso ngati motherboard ndi yogula kwa munthu. Ili yozula kukhoma, pezani timapini tiwiri tolembedwa CLR_CMOS, CLRTC, kapena JBAT1 pa MSI, n'kutikhudzitsa ndi nsonga ya screwdriver kwa masekondi 10. Ma motherboard ena ali ndi batani la Clear CMOS kumbuyo (CMOS ndi pomwe BIOS imasunga zomwe ikukumbukira). Njira ina ndi kuchotsa kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi 5. Kawirikawiri kamabisala kunsi kwa graphics card. Mukatero RAM imabwerera ku liwiro lake lobadwa nalo: 2133 mpaka 2666 pa DDR4 zambiri zosewerera magemu, pa 1.2V, ndipo 4800 pa DDR5 zambiri, pa 1.1V. Kuyaka koyamba kudzachedwanso. Kabatireko, ngati muli ndi multimeter, kayezeni: kayenera kuonetsa pafupifupi 3V.

Pamene kagetsi kakuloza DRAM koma vuto lili ku pulosesa

Chomwe chimalamulira RAM chili mkati mwa pulosesa, ndipo mapini mazanamazana a soketi ndi njira zopita ku masiloti. Pini imodzi ikapindika, channel yonse imatha kufa. Chizindikiro chake ndi chija cha A2 kuyaka, B1 ndi B2 kukana. Nthawi zina kompyuta imayaka, koma Task Manager n'kumaonetsa kuti mwa 16 GB, 8 GB ili pa "Hardware reserved".

Yambani ndi chosavuta: masulani zomangira za cooler theka la kuzungulira chilichonse, n'kuyatsa. Cooler yomangidwa mopitirira, kapena yothina mbali imodzi, imapendeketsa pulosesa moti mapini ena sakhudza. Ikayaka, mangani bwino mopingasa, pang'onopang'ono, kona iyi kenako yoyang'anana nayo. Ikapanda kuyaka, chotsani pulosesa. Pa AM4 mapini ali pa pulosesa yeniyeniyo, ndipo pochotsa cooler muziipotoza pang'ono kaye, chifukwa thermal paste youma imazula pulosesa m'soketi. Pa AM5 ndi LGA1700 mapini ali mu soketi. Unikani chopendeketsa, jambulani ndi foni, mukulitse chithunzi: pini yopindika imanyezimira mosiyana ndi anzake pamzere. Ya AM4 imawongoleka ndi nsonga ya pensulo ya makina yopanda mtovu wake, mwaulemu. Ya mu soketi ndi yopyapyala kwambiri; ngati dzanja lanu limanjenjemera, pitani nayo kwa wokonza. Onaninso kuti pansi pa pulosesa palibe thermal paste, ndiponso kuti kunsi kwa motherboard kulibe standoff (kachitsulo komangirapo motherboard m'kesi) yotsala pamalo opanda bowo. Kukaika kukakhalapo, tulutsani motherboard m'kesi muiyatsire pamwamba pa katoni yake.

Mwina RAM yake si yoyenera

Ogula za kaunjika ayang'anitsitse pepala lomata pa RAM. Ikalembedwa ngati PC4-2666V-R, chilembo R chikutanthauza Registered, RAM ya ma server. Imalowa mu siloti bwinobwino, imatchipa, koma motherboard yosewerera magemu siidzayaka nayo. Yanu ikhale ndi U, kapena mawu oti UDIMM.

Kuphatikiza mapaketi awiri osiyana ndi juga. Ngakhale dzina ndi liwiro zifanane, mkati mukhoza kukhala ma chip a Samsung mwina, a SK hynix kapena Micron mwina. Kudzaza masiloti onse anayi pa DDR5 kumalemetsanso pulosesa: AMD imalonjeza 5200 pa Ryzen 7000 mukaika ziwiri, koma 3600 yokha mukaika zinayi. Ngati mukufuna 64 GB, ziwiri za 32 GB n'zabwino kuposa zinayi za 16 GB. Pa webusaiti ya motherboard pamakhala QVL, ndandanda wa RAM zomwe kampani inayesa. Kusapezekapo kwa yanu sikutanthauza kuti siigwira, koma kupezekapo kumachotsa nkhawa imodzi.

Kukweza BIOS kompyuta isakuyaka

BIOS yakale imatha kukana pulosesa yatsopano kapena RAM za 24 GB ndi 48 GB, zomwe zinabwera mu 2023. Ma motherboard ambiri amalola kuikweza, kutanthauza kuikamo yatsopano, popanda chithunzi: ASUS amati USB BIOS FlashBack, Gigabyte Q-Flash Plus, MSI Flash BIOS Button. Pa kompyuta ina, koperani fayilo ya motherboard yanu yeniyeni, kuphatikizapo revision yake. Iikeni pa flash ya FAT32, panja pa foda iliyonse. Sinthani dzina: MSI.ROM pa MSI, gigabyte.bin pa Gigabyte, pamene ASUS imakupatsani kapulogalamu ka BIOSRenamer mu zip momwemo. Lowetsani flash pabowo la USB lolembedwa BIOS, kompyuta ili yothimitsa koma power supply ili ndi magetsi, n'kudina batanilo. Kagetsi kaphethira kwa mphindi zingapo. Musakhudze kanthu mpaka katasiya. Kakathima m'masekondi ochepa, kapena kakayaka osaphethira, ndiye kuti dzina la fayilo kapena flash yakanidwa. Yesani flash ina yaing'ono, yakale. Kumene magetsi amathimathima, lumikizani ku UPS kapena inverter musanayambe.

Yayaka. Tsopano liwiro

Musathamangire XMP. Lowani mu BIOS podina Delete, onani ngati ikuwerenga RAM yonse, ikani Windows, ndipo muone kuti zonse zili bwino pa liwiro lobadwa nalo. Kenako yatsani XMP pa Intel, EXPO pa AM5, kapena DOCP pa ASUS ya AM4. Liwiro lolembedwa pa paketi ndi overclock, kuthamangitsa kupyola liwiro lobadwa nalo, si lonjezo. Ikakana, fufutaninso CMOS, yatsani profile yomweyo koma mutsitse liwiro ndi dzanja: 6400 ipite pa 6000, 6000 pa 5600, 3600 pa 3200. Pa magemu ambiri kusiyana kwake n'kochepa. Pa AM5 musakweze SoC voltage (mphamvu ya magetsi ya mbali ina ya pulosesa) kupyola 1.3V, chifukwa mu 2023 mapulosesa ena a Ryzen 7000X3D anapsa, ndipo AMD inaika malire amenewa kudzera mu BIOS zatsopano. Ngati kuchedwa kuyaka kukukutopetsani, Memory Context Restore imadumphitsa kuyesa kuja, koma muiyatse pamodzi ndi Power Down Enable, ndipo ikayamba kubweretsa mavuto ithimitseni.

Kuyaka kokha si umboni woti RAM ili bwino. Gemu ikamadzitseka yokha, kapena Windows ikamagwa ndi uthenga wa MEMORY_MANAGEMENT kapena IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, ikani MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, pa flash, muyatsire kompyuta pa flash imeneyo, muisiye izungulire maulendo onse 4, zomwe zimatenga maola angapo. Cholakwika ngakhale chimodzi n'chokwanira. Chikapezeka XMP ili yoyatsa, ithimitseni muyesenso: zikayera, vuto ndi liwiro. Chikapezekabe pa liwiro lobadwa nalo, yesani RAM imodziimodzi mu A2, jambulani sikirini ya yolakwayo, ndipo chithunzicho mupite nacho pamodzi ndi lisiti pokabweza.