Malamulo oti muwatsate pogula njinga yamoto ya batire yochitira kabaza ku Mzuzu

Njinga yamoto ya batire situlutsa utsi, koma pamalamulo a pamsewu sisiyana ndi ya petulo. Muilembetse ku Road Traffic, muidulire inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi komanso chipewa choteteza mutu.

Mukaitanitsa njinga kunja, mavuto amatha kuyambira pachipata cha Songwe, pamalire a Malawi ndi Tanzania. Bungwe lotolera misonkho la MRA limawerengera msonkho potsata nambala ya gulu la katundu, ndipo ya njinga zamoto zamagetsi ndi 8711.60. Ejenti wokuombolerani katundu pachipata akailemba m'gulu la za petulo, msonkho ulakwika, ndipo kukonzetsa mapepala kumadya nthawi njinga ili chiimire. Musanalipire, yerekezani nambala ya chasisi yodindidwa pachitsulo ndi yomwe ili pa invoisi. Chilembo chimodzi chikasiyana, kulembetsa kuima.

Batire ndiye chodula kwambiri panjingapo. Ngati mukulibwereka kwa kampani yosinthitsa mabatire, pangano lolembedwa linene mwini wake ndani, alipira ndani likafa kapena likabedwa, komanso alitenga ndani likatha ntchito. Ambiri amasaina osawerenga ndime imeneyi. Lakutha musalitaye kudzala, chifukwa batire la lithium likabooka limayaka moto wovuta kuzimitsa.

Ofuna kutchajira ena mabatire molipiritsa ayambe aonana ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, atengenso chiphaso cha bizinesi ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu.