Kugwa ndi mimba podumphira m'madzi poyamba mpikisano: mmene tinakonzera

Vuto la osambira achichepere kuno ku Zomba linali limodzi: akangodumpha amagwa ndi mimba kuti phwa, magalasi osambirira n'kutsikira pakhosi, liwiro lonse n'kuthera pomwepo. Kumangitsa lamba wa magalasi sikunathandize, kuwauza kuti adumphe mwamphamvu kunangowonjezera ululu.

Gwero lake ndi mutu. Wosambira akayang'ana kutsogolo ali m'malere, chifuwa chimafika pamadzi nthawi imodzi ndi manja.

Yambani ndi kuyeza kuya kwa dziwe. Malamulo a World Aquatics, bungwe loyang'anira mipikisano yosambira padziko lonse, amafuna mamita osachepera 1.35 pamalo odumphira. Mumtsinje wa miyala musayese n'komwe. Wosambira ayambe atagwada bondo limodzi m'mphepete, kenako ataima, pomaliza akwere pa buloko, kansanja kodumphirapo poyamba mpikisano: phazi limodzi kutsogolo zala zitakola m'mphepete, lina kumbuyo, chiuno m'mwamba.

Chimene chinasintha zonse ndi mkombero wa paipi yapulasitiki yofewa, yomwe imapezeka m'mashopu a hadiweya, woyandama pamadzi. Manja, mutu, chiuno ndi mapazi zonse zidutse pabowo limodzilo. Chikhatho chimodzi chisanjike pa chinzake, mikono ifinye makutu, maso ayang'ane pansi. Yambani mkomberowo uli pafupi, muziusunthira kutali pang'onopang'ono. Mukafulumira, mimba ibwereranso.

Akalowa, aloze zala m'mwamba pang'ono kuti asapite pansi kwambiri, ndipo mutu utuluke asanapitirire mamita 15 pa masambiridwe otchedwa freestyle ndi butterfly. Lamba wa magalasi azikhala mkati mwa chipewa chosambirira.