Galimoto yaliwiro ikamamisa, yambani mwayeza magetsi

Galimoto zaliwiro zambiri siziyenda tsiku ndi tsiku. Zimatha masabata zili mu galaja, ndipo mavuto ambiri amayambira pamenepo. Tsiku loitulutsa, injini imamisa, ndiye kuti imadukiza mukaponda moto, imanjenjemera galimoto ili chiimire, mwinanso nyali za pa dashibodi zimathwanima zokha. Eni ake ambiri amathamangira kukagula masensa ndi makoilo, omwe amapereka moto ku mapulagi. Ife timati dikirani kaye, tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, chifukwa kompyuta ya injini, makoilo ndi pampu ya petulo zonse zimasokonekera magetsi akangochepa, ngakhale injini ikulira ndithu.

Yezani batire galimoto itazima kwa maola angapo. Yodzaza imaonetsa 12.6 V, ndipo ikafika pa 12.0 V yatha mphamvu. Wina alize injini inu mukuyang'ana: isatsike kupitirira 9.6 V. Injini ikalira muone pakati pa 13.5 ndi 14.5 V, ngakhale galimoto zina zatsopano zimatsitsa dala nambalayi batire ikadzaza. Kenaka ikani multimeter pa AC. Mukawerenga kupitirira 0.5 V, diode ya mu alternator, chipangizo chotchaja batire, yapsa, ndipo magetsi otere amanamiza masensa.

Chomwe chimapusitsa anthu kwambiri ndi waya wa earth, wolumikiza injini ndi thupi la galimoto. Kunja amaoneka bwinobwino, koma pansi pa bawuti pali dzimbiri, kapena timawaya ta mkati taduka ndi kugwedezeka kwa injini. Musamuweruze ndi maso. Gunditsani waya umodzi wa multimeter pamutu penipeni pa batire, mbali ya negative, winawo pa chitsulo choyera cha injini, munthu wina alize injini. Muyenera kuona zosakwana 0.2 V. Mukaona 0.5 V, vuto mwalipeza. Chotsani temino ya negative, masulani wayayo, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, kenaka pakani girisi pamwamba. Galimoto zambiri zamtunduwu batire imakhala kubuti pofuna kugawa kulemera, choncho pali earth ina kumbuyoko imene anthu amaiwala. Nayonso iyezeni.

Ngati batire imatha galimoto itangoima, yezani magetsi omwe akutuluka patatha mphindi 30 mutaizimitsa. Asapitirire 50 mA. Akapitirira, zulani mafyuzi imodziimodzi, ndipo muyambe kukayikira alamu kapena wailesi yoikidwa pambuyo pake.

Magetsi akakhala bwino, lumikizani makina owerengera a OBD-II, omwe amaonetsa ma code a zovuta kuchokera mu kompyuta ya injini. P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba ndi imene ikumisa, P0302 yachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Apa simufunika kugula kanthu. Sinthanitsani koilo ya silinda yoyamba ndi ya yachitatu, fufutani code, yendetsani galimoto. Ikabwera P0303, koilo ndiyo yafa. Vuto likatsala pomwepo, sinthanitsani mapulagi, ndipo likakanabe yang'anani injector yopopera petulo ndi compression, kupanikizika kwa mpweya mu silinda. Mukazula koilo suzumirani m'dzenje la pulagi. Mukapezamo oyilo, gasiketi ya chivindikiro cha mavavu ikudontha, ndipo koilo yatsopano idzafanso mukapanda kusintha gasiketiyo.

N'chifukwa chiyani galimoto imayenda bwino pang'onopang'ono koma n'kudukiza mukaiponda kwambiri? Mpweya ukapanikizika kwambiri mu silinda, moto wa pulagi umafuna magetsi ochuluka kuti udumphe. Pulagi yoperepeseka kapena koilo yofooka imalephera pamenepo. Ndicho chifukwa injini za turbo zimafuna mpata wochepa wa pulagi, kawirikawiri 0.7 mpaka 0.8 mm, koma tsatirani buku la galimotoyo. Mapulagi muzimasula injini itazizira, chifukwa mutu wa aluminiyamu suchedwa kuonongeka mazinga.

P0171 kapena P0174 imasonyeza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Ngati kunjenjemera kumakula galimoto ili chiimire n'kuchepa mukaponda moto, funani paipi ya mpweya yong'aluka. Ngati kumabwera pa liwiro lalikulu, yezani mphamvu ya pampu ya petulo. Injini zambiri zopopera petulo kuseri kwa mavavu zimafuna 3 mpaka 4 bar. Sefa za mpweya zopaka mafuta, zomwe eni galimotozi amazikonda, zimadetsa sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini. Itsukeni ndi mankhwala ake enieni opopera, osakhudza kawaya ka mkati.

Injini yomwe imazima ikatentha n'kudzalira ikazizira, kawirikawiri vuto ndi sensa ya crankshaft, yowerenga kuzungulira kwa injini.

Nyali ya check engine ikamathwanima m'malo mongoyaka, chotsani phazi pa moto ndipo imani pamalo abwino. Petulo wosapsa akupita mu ekizozi, ndipo amatenthetsa catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, mpaka kusungunuka mkati.