Sukulu zikatsekedwa, chilichonse chomwe mwana wapanga achilembe dzina

Makolo anzanga, nkhaniyi ndakhala ndikuikamba m'misonkhano ya makomiti a sukulu mu zoni yathu, nde ndati ndiilembenso pano kuti ifike kwa amene sitikumana. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi muno zinatsekedwa kamba ka Covid-19, apo nkuti matendawo asanapezeke nkomwe kwathu kuno, paja odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Lokidauni ya masiku 21 ija yomwe imayenera kuyamba pa 18 Epulo khothi linaiimitsa, nde misika inapitilira, maminibasi amayenda, misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni imadzadza anthu, amene anakhaladi pakhomo ndi ana a sukulu. A Sitandade 8 anabwerera pa 7 Sepitembala, enawo mpaka pa 12 Okutobala. Werengani nokha, mwana wa Sitandade 2 anatha miyezi yoposa 6 osaona bolodi. Ndipo sizinathere pomwepo, mu Januwale 2021 zinatsekedwanso, mu Januwale 2023 za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera, kenako mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi ambiri a kummwera kukhala malo ogonamo anthu othawa madzi. Tsono zoti sukulu zidzatsekedwanso tsiku lina musakaike, ndi bwino tidziwiretu chochita ndi ana.

Poyamba penipeni ife alangizi a zamaphunziro timangouza makolo kuti tsegulani wailesi, maphunziro akuulutsidwa pa MBC. Anali malangizo abwino ndithu koma nditayamba kuyenda m'midzi ndinaona kuti mawu amenewa sakukwanira. Pakhomo pena wailesi palibe, pena ilipo koma mabatire atha, pena wailesiyo ndi ya mu foni ya abambo ndipo abambowo alawira ku geni. Ngakhale pomwe imalira, mwana wa zaka 7 samakhala phee kumvera munthu yemwe sakumuona, mphindi zochepa basi wathawira kwa anzake. Titatsegulira tinapeza ana omwe amawerenga bwinobwino mu Febuluwale akukakamira pa ba be bi bo bu, ena dzanja lauma, pensulo akuigwira ngati mpini wa khasu. Koma m'kalasi momwemo munali ana ena omwe sanabwerere m'mbuyo kwenikweni, ndipo sikuti anali a m'nyumba za malata okhaokha ayi. Nditafufuza ndinapeza kuti ambiri mwa iwo manja awo sanagone, amaumba, amapinda mawaya, amasoka, ndipo pakhomo panali munthu wamkulu mmodzi yemwe amawafunsa za zomwe apangazo.

Pali khomo lina lomwe sindiliiwala. Ndinafika cha m'ma 9 koloko m'mawa mu Julaye, kukuzizira, ndinapeza agogo aakazi akutong'ola chimanga pa mkeka, pambali pawo mdzukulu wawo wa Sitandade 3 ali kalikiliki ndi lole ya mawaya, matayala ake zitsekerero za mabotolo ziwiriziwiri zomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, chiwongolero chachitali mpaka m'chiuno. Agogowo kusukulu sanapiteko, dzina lawo lomwe amadinda ndi chala. Koma anamuuza mwanayo kuti lole yopanda nambala apolisi a pamsewu aigwira, komanso lole iliyonse imalembedwa dzina la mwini wake pa chitseko ndi komwe ikupita. Mnyamata uja anadula kakatoni ka sopo nkulemba nambala ndi khala, mbali inayi dzina lake, kutsogolo analemba kuti Limbe koma b anamutembenuza kukhala d, mlongo wake wa Sitandade 6 ndi amene anamukonza. Kenako agogo aja anati lole yanyamula matumba angati, iye nkuika zitsononkho 8, anati tsitsa atatu pa sitolo yoyamba atsala angati. Ndinangoima nkumaonerera, Chichewa ndi masamu zonse zinaphunzitsidwa pamenepo popanda kope, popanda choko.

Nde malangizo anga agona pamenepa. Sankhani nthawi imodzi pa tsiku, ola limodzi lakwana, ndipo ikhale nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Ine ndimakonda m'mawa ana akatha kusesa ndi kutsuka mbale, dzuwa lisanakwere, chifukwa masana mwana watopa ndipo mutu uli ku mpira. Malo akhalenso amodzi, kaya pakhonde kaya pansi pa mtengo wa mango. Mu ola limenelo mwana apange chinthu ndi manja ake, chomwe iye wasankha, osati chomwe inu mwamusankhira. Akamaliza achilembe dzina, ndipo muwerenge naye kanthu kena pa chinthucho, miyendo, matayala, mazenera, chilichonse. Madzulo afotokozere a pabanja kuti wapanga bwanji. Mbali yolemba dzinayi ndi imene makolo ambiri amailumpha, chonsecho ndi imene imasunga kuwerenga m'mutu mwa mwana.

Zipangizo musagule. Aphunzitsi athu ku makoleji amaphunzira njira ija amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo pakhomo pa mlimi zinthuzo nzambiri kuposa kusukulu. Sukulu zija zinatsekedwa tikuyandikira kukolola, mapesi anali mbwee, ndipo phesi ukalisenda khungu lake limapindika bwino, mkati mwake mofewa muja mumalowa chilichonse, ana amapanga magalasi a m'maso, njinga, ndege, nyumba ya zipinda. Dongo la kudambo kapena la pachulu aumbe ng'ombe, miphika, foni, anthu, ndipo lisanaume alembepo ndi kamtengo lembo loyamba la chinthucho. Kwa a Sitandade 1 ndi 2 ndimalimbikitsa kuumba malembo enieniwo, a e i o u, kuwayanika pa mthunzi kuti asang'aluke, mawa lake aumbe m ndi t ndi k, nde azisuntha yekha kupanga ma, ta, ka, mpaka atulutse liwu ngati kama kapena mutu. Lembo lomwe mwana waliumba ndi zala zake sachedwa kulizindikira akalipeza m'buku. Utoto nawo ulipo, makala opera amapereka wakuda, dothi la katondo wofiira, phulusa losefa wotuwa, masamba a maungu kapena a nyemba osinja wobiriwira, chikasu chothira mu ndiwo chija chimapereka wachikasu. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi. Guluu ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, limamata mapepala bwino kwambiri. Pojambula ndi kuseri kwa makatoni, mapepala a matumba a simenti owakuntha bwino, kalendala yakale, zikasowa zonsezi pansi pomwepo posesa bwino.

Za kabuku ndifotokoze pang'ono chifukwa ndi zomwe ndinaona zikuthandiza kwambiri ana a Sitandade 3 mpaka 5. Tengani mapepala anayi kapena asanu, kaya otsala m'makope akale, apindeni pakati, musoke pamsana ndi ulusi wa thumba la feteleza, chikuto chikhale katoni. Madzulo agogo kapena amayi akambe nthano monga mwa kale, padangotero, ana nkuyankha tili tonse. M'mawa mwake mwana ajambule nthanoyo, tsamba lililonse chithunzi chimodzi ndi chiganizo chimodzi pansi pake. Kalulu wapita kuchitsime. Njovu yakwiya. Basi, osafuna zambiri. Pakutha pa sabata ali ndi buku lolemba yekha ndipo amaliwerengera ang'ono ake monyadira, mobwerezabwereza, pomwe buku la kusukulu mumachita kumukakamiza. Ndagi nazonso zilembedwe, funso kutsogolo yankho kuseri, nyumba yopanda khomo, kuseri ajambule dzira. Akalakwitsa kalembedwe musafufute ndi ukali, mufunseni awerenge mokweza zomwe walembazo, nthawi zambiri amadzigwira yekha.

Ana okulirapo a Sitandade 6 ndi 7 zoumba ng'ombe amaziona ngati zachibwana, nde apatseni ntchito yooneka. Nthawi ya mliri ija tinkalimbikitsa kusamba m'manja, ana ambiri ndi amene anamanga mipondagiya m'makomo, kachigubu ka malita 5, timitengo tiwiri ta mphanda, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Muuzeni ayeze kutalika kwake kuti ndi wamng'ono yemwe afikire, awerenge kuti chigubu chimodzi chikusambitsa anthu angati, alembe chikwangwani chokumbutsa za sopo. Ena anaphunzira kusoka mamasiki a nsalu ya chitenje pamanja, apo pali kuyeza masentimita ndi kudula mofanana. Ena anapanga banjo ya chitini cha mafuta ndi nsambo za waya wa buleki ya njinga, nde ngati wapeka nyimbo alembe mawu ake onse. Kadimba kakang'ono ka mpiru kuseri kwa bafa nakonso ndi sukulu, alembe tsiku lofesa, tsiku lomera, ndipo akagulitsa alembe ndalama zolowa. Ndipo wamkuluyu ndi amene akhale mphunzitsi wa ang'ono ake pa ola lija, pophunzitsa mnzake naye amakumbukira zake.

Apa ndinene mosabisa za atsikana. M'makomo ambiri omwe ndinayenda mnyamata amapezeka ndi galimoto yake ya mawaya pomwe mlongo wake ali ndi mwana kumbuyo, ndowa pamutu, kenako beseni la mandasi kumsika mpaka mdima. Titatsegulira mabenchi ena anali opanda eni ake, atsikana ena a Sitandade 7 ndi 8 anali oyembekezera, ena atalowa m'banja, ndipo zinandiwawa chifukwa ena ndinkawadziwa kuti ndi anzeru zedi m'kalasi. Ola la luso lija ndi la mtsikananso, ntchito za pakhomo zigawidwe kuti naye akhale pansi, ndipo ngati akufuna mawaya mpatseni mawaya, sikuti iye ndi wa zidole ndi masanje basi. Mwana yemwe tsiku lililonse amadziwa kuti nthawi yakuti amayi kapena atate andifunsa zomwe ndapanga amadzionabe kuti ndi mwana wa sukulu. Mukaona mwana akuchitiridwa nkhanza kapena akukakamizidwa banja, imbani 116, ndi yaulere, kapena kauzeni amfumu ndi a komiti yoteteza ana.

Chenjezo lilipo ndithu. Dongo akatape ndi munthu wamkulu, asalowe m'maenje okumbakumba m'mbali mwa mtsinje chifukwa amagumuka, komanso nthawi ya kolera madzi oumbira akhale a pa mjigo ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Mabotolo ndi mapaketi omwe munali mankhwala a mbewu kapena a thonje asasewere nawo ngakhale mutatsuka. Mabatire akutha asawaswe kufuna kamtengo kakuda ka mkati kaja. Mawaya afunse kaye komwe awatenga, tisaphunzitse ana kumasula mpanda wa eni ake kapena kuyandikira nthambo za magetsi. Mpeni ndi lezala kwa wamng'ono ayi, mudulireni ndinu. Ndipo ngati azaumoyo anena kuti anthu asasonkhane, ola limeneli likhale la ana a pakhomo pomwepo, osaitana mudzi wonse. Mpira wachikulunga, fulaye, phada ndi jingo azisewera ndithu pabwalo la pakhomo, thupi limafuna kuthamanga, ndipo powerenga zigoli kapena kulumpha kwa chingwe masamu akulowa momwemo.

Ena amandifunsa kuti alangizi, ine sindinaphunzire, ndimuthandiza bwanji mwana. Ntchito yanu si kuphunzitsa silabasi, imeneyo isiyireni aphunzitsi. Inu mukhale pafupi, kaya mukusenda nandolo kaya mukuluka mphasa, muzifunsa kuti ichi nchiyani, wachipanga bwanji, tandiwerengera zomwe walembapo. Mawu oti ukungodetsa zovala ndi matope, kapena zopusa zimenezo kataye, amapha mtima wa mwana msanga kwambiri. Abambo nanunso izi zikukukhudzani, mphindi zochepa pobwera ku ntchito kuyang'ana chomwe mwana wapanga nkumufunsa funso limodzi si zolemetsa. Wailesi ikakhalapo tsegulani ndithu, mumvere naye limodzi, pulogalamu ikatha ajambule kapena aumbe chinthu chimodzi chomwe wamva.

Zomwe wapanga zisatayidwe. Pezani katoni imodzi kapena thumba, muziikamo timabuku, zojambula ndi malembo a dongo aja, pa chilichonse alembe deti. Tsiku lotsegulira anyamule zitatu zomwe wazikonda kwambiri akaonetse aphunzitsi ake. Aphunzitsi anzanga, sabata yoyamba musathamangire mayeso, yalani zinthuzo pa tebulo kapena pansi m'mbali mwa khoma, mwana aliyense aime afotokoze chake, paja Expressive Arts, phunziro la zaluso lija, lili kale pa taimutebulo. Mukayang'ana kalembedwe ka pa timakatoni timeneto mudziwa msanga yemwe akutembenuzabe b ndi d, yemwe waiwala maphatikizo, ndi yemwe angathandize anzake pagulu, nde muyambire pamenepo.