Tidziwa bwanji kuti gulu la odwala nyamakazi likuthandizadi?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kuperepeseka kwa malo olumikizana mafupa, ndipo ambiri mwa iwo vutoli lili m'mawondo. N'chifukwa chake magulu amene odwala amaphunzira za matendawa, kuchita masewera olimbitsa minofu pamodzi ndi kulangizana za kuchepetsa thupi ali ofunika kwambiri. Koma inu amene mukutsogolera gulu lotere, kaundula wa obwera yekha sangakuuzeni ngati mawondo a anthu anu akupezako bwino.

Yambani kuyeza tsiku loyamba, masewera asanayambe, chifukwa mukachedwa mudzasowa pofananizira. Funsani aliyense kuti ululu wake akuuika pati pakati pa 0 (palibe ululu) ndi 10 (ululu waukulu kwambiri). Kenako mukhazikeni pampando wolimba wotsamiritsidwa kukhoma, manja atapingasa pachifuwa, ndipo muwerenge kuti aimirira ndi kukhala kangati m'masekondi 30. Muyezenso nthawi imene amatenga kuyenda mamita 40 mofulumira. Mpando ukhale womwewo nthawi zonse. Wautali umapeputsa ntchito, ndiye mungakondwere ndi kusintha kumene kulibe. Musaiwale kumufunsa chimene iye mwini akufuna kuti adzathenso kuchita, kaya kukwera masitepe kapena kuvala nsapato yekha, n'kuchilemba m'mawu ake omwe.

Ndondomeko yothandiza odwala nyamakazi yotchedwa GLA:D, imene inayamba ku Denmark mu 2013, imapereka maphunziro awiri ndi masewera maulendo 12 m'masabata 6, koma sithera pomwepo. Anthu amayezedwanso pakatha miyezi 3, n'kufunsidwanso pakatha miyezi 12. Ine ndimaona kuti kalondolondo womalizayu ndiye wofunika kuposa onse. Gulu likamakumana aliyense amalimbikira poona anzake. Nanga likabalalika, ndi angati akupitiriza kunyumba?

Tsono pali anthu amene timawaiwala kawirikawiri, amene anasiyira panjira. Otsala mpaka kumapeto nthawi zambiri amakhala omwe zikuwayendera kale, choncho mukawerenga iwo okha lipoti limakoma kuposa mmene zinthu zilili. Atsatireni osiyawo, muwafunse mwaulemu ndi mosawadzudzula. Wina adzakuuzani kuti nthawi yokumana imawombana ndi ntchito, wina kuti mtunda unamutalikira, wina kuti anachita manyazi pakati pa anthu amphamvu kuposa iye. Enanso amathawa chifukwa bondo linapweteka pambuyo pa masewera, naganiza kuti likuwonongeka. Pamenepa vuto lili pa kaphunzitsidwe. Anayenera kumva poyambirira kuti ululu wosapitirira 5 pa 10, umene umabwerera mwakale pofika mawa lake, ndi wololedwa, ndipo ukapitirira pamenepo masewera amangochepetsedwa, sasiyidwa.

Dziyang'aneninso nokha monga otsogolera. Kodi maphunziro onse anaperekedwa, kapena ena anadumphidwa nthawi itachepa? Kodi masewera ankakwezedwa pang'onopang'ono munthu akamalimba, kapena onse ankachita zofanana kuyambira sabata loyamba mpaka lomaliza? Zotsatira zikakhala zofooka, mayankho amenewa ndiwo angakuthandizeni kudziwa ngati yalephera ndi ndondomeko kapena kayendetsedwe kake.

Polemba lipoti, yambani ndi chiwerengero cha onse amene analembetsa, kenako omaliza ndi osiya pamodzi ndi zifukwa zawo. Ndipo mukamayeza n'kupeza bondo latupa mwadzidzidzi, likutentha kapena munthu akulephera kuliponda, musamuyezenso tsiku limenelo, mutumizeni kuchipatala.