Jombo zachikopa si ng'oma yoti muziwamba pamoto

Chiyambireni mvula chaka chino ndayendera makalabu angapo a alimi, ndipo pafupifupi pakhomo lililonse pamene pali jombo zachikopa ndapeza chinthu chimodzi chimene chikundiwawa mtima. Munthu akaweruka kumunda jombo zitanyowa, amazivula n'kuziimika pafupi ndi mafuwa, ena amazitsamiritsa kumbaula, kuti pofika m'mawa zikhale zitauma. Kuuma zimaumadi, koma mvula isanafike n'pakati pomwe zimakhala zitang'aluka pamene phazi limapindikira, soli itayasama kutsogolo, madzi akulowa momasuka, mwini wake n'kumadandaula kuti wogulitsa anamupusitsa. Zambiri mwa jombo zimene ndazigwira ndi manja anga zinali zabwinobwino pogula, ndipo chimene chaziwononga ndi moto wa pakhomo pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti palibe munthu wokulira kumudzi amene sadziwa zimene moto umachita pa chikopa. Tonse tinaonapo oimba ng'oma akuiwamba pamoto wa udzu gule asanayambe, ndipo cholinga chawo chimakhala chakuti chikopa chikokane, chikungike, kuti ng'omayo ilire bwino. Woimba wodziwa ntchito yake amaiyandikiza pang'ono, kuigogoda ndi chala, n'kuichotsa msanga, chifukwa akudziwa kuti ikapserera ing'ambika. Tsono munthu yemweyo, amene sangalole kuti ng'oma ikhale pamoto nthawi yoposa yoyenera, amasiya jombo zake pambali pa makala usiku wonse iye ali m'tulo. Chikopa cha ng'oma timafuna kuti chiume gwa, pamene cha jombo chimafunika kupindika nthawi iliyonse imene mwaponda, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Kuti mumvetse kukula kwa vutoli, ganizirani mmene chikopa chimapangidwira. Chikopa ndi timinyewa tating'onoting'ono tolukanalukana ngati mphasa yothina kwambiri. Kufakitale amachifufuta kuti chisaole, ndipo zikopa zambiri za nsapato masiku ano amazifufuta ndi mchere wa chromium, pamene zina amazifufuta ndi madzi a makungwa a mitengo, monga mtengo wa wattle umene amaulima kwambiri ku South Africa chifukwa cha ntchito imeneyi. Akamaliza kufufuta amalowetsamo mafuta, ndipo mafutawo ndi amene amachititsa kuti timinyewa tija tizitsetserekana jombo ikamapindika. Chikopa chikadali pa ng'ombe yamoyo, thupi limabwezeretsa lokha mafuta amene atha. Chikakhala pa phazi lanu palibenso chobwezeretsa, kupatula dzanja lanu.

Madzi akalowa m'chikopa amasuntha mafuta aja, ndipo akamauma amachoka nawo ena. Kunyowa kamodzi kapena kawiri si nkhani yaikulu ngati kuumako kukuchitika pang'onopang'ono, chifukwa timinyewa timabwerera m'malo mwake mwadongosolo. Moto ndiwo umasokoneza zonse. Kunja kwa jombo kumauma msanga mkati mukadali chinyezi, mbali yoyang'ana kumoto imakokana kusiya inzake, ndipo timinyewa timamatirirana popanda mafuta pakati pake. Chikopa chonyowa chofufutidwa ndi makungwa chimayamba kukhwinyata kutentha kukangofika pakati pa madigiri 70 ndi 85, kutentha kumene sikufika n'komwe pa madzi owira, ndipo pambali pa mbaula yoyaka bwino n'kosavuta kufika pamenepo. Chofufutidwa ndi chromium chimapirirako kuposa apo, komabe chimataya mafuta ake, ndipo khungu lake lapamwamba limauma n'kuyamba timing'alu. Chikopa chikakhwinyata ndi moto sichibwereranso, ngakhale mutachiviika m'mafuta sabata yathunthu.

Ndiye pali guluu. Jombo zambiri zimene zikugulitsidwa m'misika yathu, zatsopano ndi za pakaunjika zomwe, soli yake ndi yomata, ndipo guluu wa nsapato amafewa akatenthedwa. Funsani wosoka nsapato aliyense pamsika akuuzani kuti akafuna kumatula soli yakale amayamba waitenthetsa. Mukaimika jombo pamoto mukumugwirira ntchito imeneyi kwaulere, kenaka mudzamulipira kuti amatenso. Jombo zokhala ndi chitsulo kuzala zili ndi vuto lina lowonjezera, chifukwa chitsulocho chimatentha n'kumaotcha chikopa kuchokera mkati.

Mwezi wathawu bambo wina wa m'kalabu ina ya mpunga anandiitanira padera msonkhano utatha. Anatulutsa m'thumba la feteleza jombo zimene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg, zachikopa chokhuthala, zosokedwa bwino, zoti zikanatha zaka zingapo. Ya kumanzere inali itapindikira m'mwamba kuzala ngati nsomba yowamba, ndipo nditaidina ndi chala pamene panali mng'alu, tizidutswa tachikopa tinagwera pansi. Iwo anati, “Alangizi, tandiuzani mankhwala ake, chifukwa mwana akadzabwera pa Khirisimasi adzafuna kuziona.” Nditawafunsa kumene amaziumitsa anayankha mosabisa kuti mayi akamaliza kuphika nsima amaziika pamwamba pa mafuwa kuti zitenthedwe ndi phulusa, ndipo anawonjezera kuti bambo awo ankatero kalekale. Ndinawauza kuti ya kumanja ingapulumuke koma ya kumanzere yapita. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati n'kotheka kugula jombo imodzi yokha.

Mawu akuti makolo ankatero ndawamva kokwanira, ndipo kunena zoona anditopetsa. Ambiri mwa makolo amene tikuwatchulawo ankalima opanda nsapato, kapena ankavala nkhwaira za matayala zimene sizisamala za moto kapena madzi. Chizolowezi chowamba jombo tachiyambitsa ndife tomwe chifukwa cha changu, ndipo tikuchilipira modula. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo, jombo zomwe, kotero kuti mlimi amene akugula zatsopano chaka ndi chaka akuchotsa ndalamazo pa mbewu ndi feteleza. Kutayikako sikuthera pa ndalama zokha. Chikopa chouma gwa chimakhula chidendene n'kutulutsa matuza, madzi olowera m'ming'alu amasunga phazi lonyowa tsiku lonse mpaka pakati pa zala kuyamba kusupuka ndi kuyabwa, ndipo munthu wa zilonda kuphazi amasiya jombo n'kulowa m'munda ndi patapata, mmene muli minga, zitsa, njoka ndi mankhwala opopera. Ndaonapo mlimi atakhala pakhomo masiku anayi nthawi yopalira chifukwa cha chilonda chimene chinayamba ndi jombo yolimba, udzu kumundako usakumudikira.

Jombo zikauma gwa chotere, anthu amathamangira kuzifewetsa ndi chilichonse chimene chili pafupi, ndipo apa ndi pamene cholakwa choyamba chimabala chachiwiri. Ena amapempha oilo wakuda wochotsedwa mu injini ya njinga yamoto kapena ya chigayo. Oilo ameneyu ali ndi zinyalala za zitsulo ndi zotsalira za mafuta oyaka, amanyowetsa chikopa mopitirira muyeso, amamasula guluu, ndipo si chinthu choyenera kukhudzana ndi khungu la munthu tsiku ndi tsiku. Ena amapaka mafuta ophikira, amene pakapita masabata amayamba fungo, n'kuitana makoswe, nyerere ndi chuku chonga chija timalimbana nacho pa mtedza. Enanso amakhulupirira kuti polishi ndiye yankho la zonse. Polishi wa m'kachitini, monga Kiwi amene anayamba kupangidwa ku Australia mu 1906, ntchito yake yaikulu ndi kuwalitsa ndi kutchinga pamwamba, ndipo salowa mokwanira kuti adyetse chikopa chimene chatha mafuta. Kupaka polishi pamwamba pa matope ouma, monga ndimaonera Lamlungu m'mawa, ndiye kungotsekera dothi m'ming'alu. Dothi la katondo likaumira pa jombo limayamwa mafuta a m'chikopa, ndipo ndowe ndi mikodzo ya m'khola, feteleza, laimu ndi simenti zimachidya mofulumira kuposa madzi a mvula.

Alimi a fodya wa bale sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa palibe amene amayanika tsamba lake pamoto kapena padzuwa la masana. Amalipachika m'chigafa, pamthunzi podutsa mphepo, n'kulidikira masabata, podziwa kuti tsamba louma mothamanga limafumbutuka ndipo ku okushoni silipeza mtengo. Jombo zimangopempha masiku awiri okha a chisamaliro chonga chimenecho. Dandaulo limene ndimalimva ndi lakuti munthu ali ndi jombo zimenezo zokha ndipo mawa akufunika kumunda. Ndikumva, koma tsiku la mvula yamphamvu kapena la ntchito ya m'madzi ngati kuwokera mpunga, nsapato yoyenera ndi magambutsi, ndipo mtengo wake sufika pa wa jombo zachikopa zimene mukuziwonongazo. Chikopa chosamalidwa bwino chimakana mame, mawawa ndi chiperoni, koma sichinapangidwe kuti chiziima m'dambo tsiku lathunthu.

Zochita zake n'zochepa. Mukafika pakhomo chotsani matope akadali aawisi ndi kansalu konyowa kapena kaburashi, makamaka mumzere umene chikopa chimakumana ndi soli, masulani zingwe, tulutsani kansalu kopondapo ka mkati, ndipo mulowetsemo nyuzipepala zakale kapena makoko ouma a chimanga, n'kumasintha akanyowa. Ziikeni pakhonde kapena m'chigafa, pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi moto ndi dzuwa. Zikatsala pang'ono kuumiratu, pakani dabini, amene ndi mafuta a jombo opezeka m'masitolo ena a nsapato ndi a zipangizo. Kumene dabini sapezeka mungathe kupanga wanu: sungunulani mafuta olimba a ng'ombe opanda mchere, muwasefe bwino, n'kuwasakaniza ndi phula la njuchi m'kachitini koikidwa m'madzi otentha, mafuta achuluke kuposa phula kuti zikazizira zizipakika ndi chala. Phula limasungunuka pa madigiri pafupifupi 63, choncho madzi otentha ndi okwanira, ndipo kachitini kasakhale pamoto mwachindunji chifukwa phula limayaka. Alimi a njuchi ambiri amataya malesa akafinya uchi, ndiye phula silivuta kulipeza.

Pakani pang'ono ndi chala kapena kansalu, makamaka m'misoko ndi popindikira phazi, zigone usiku, m'mawa mupukute zotsala. Mukachulukitsa chikopa chimalobodoka ndipo jombo imataya maonekedwe ake. Mtundu udzaderako, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Nthawi ya dzinja bwerezani pakatha masabata awiri kapena atatu, kapena mukaona kuti dontho la madzi likulowa m'malo moima pamwamba. Jombo za chikopa chaubweyaubweya musazipake zimenezi, zili ndi mankhwala akeake opopera. Ulusi ukaduka kapena soli ikayamba kuyasama pitani nazo kwa wosoka sabata yomweyo, ndipo posunga muzipachike m'mwamba mopita mphepo, osati m'jumbo, chifukwa fungo la mafuta a ng'ombe agalu ndi makoswe amalimva patali.