Kasankhidwe ka tripod ya matabwa ya kamera zija zofunda nsalu yakuda

Anthu ambiri akamayamba kujambula ndi kamera za large format, zija za filimu yaikulu ya mainchesi 4x5 kapena 8x10 zomwe umachita kufunda nsalu yakuda kumutu nkumaona chithunzi chili chadodolido pagalasi lakumbuyo, ndalama zonse amathera pa kamera ndi lenzi, za tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera ija, amangoti tidzaona kutsogolo bola yomwe ilipoyi ikuimabe. Inenso ndinayamba choncho ndipo zinandiwawa. Ndinali ndi ka tripod ka aluminiyamu komwe ndinkajambulira kamera ya digito, kamutu kake komangirapo kamera kali ka mpira kaja, tsiku lina ndinafokasa bwinobwino mkuyu wina m'mbali mwa mtsinje, ndiye polowetsa holder, kabokosi kafulati kosungiramo filimu, kamera inawerama pang'ono ine osazindikira, mapepala anayi a filimu onse anatuluka fokasi itathawa, filimu yoti unachita kuitanitsa kunja nkudikira milungu. Kuyambira pomwepo tripod ndimaitenga ngati chiwalo cha kamera yomweyo, osati chinthu chongoikapo kamera ayi.

Tiyambe tamvetsetsa komwe kugwedera kumachokera, chifukwa mukadziwa zimenezi kusankha sikuvutanso. Kamera izi zilibe kalilole womenya mkati ngati ma SLR, shata yake ndi ya mu lenzi, ma Copal aja, imangoti tche basi, siigwedeza kanthu. Chimagwedeza ndi mphepo ikamawomba ma bellows, chikopa chija chokhala ngati mvukuto wa osula, chimakola mphepo ngati thanga la bwato. Chinanso ndi manja anu omwe, kutseka lenzi, kukoka shata, kukankha holder pansi pa masipuling'i olimba aja, kusolola dark slide, kachitseko kotchinga filimu mu holder, zonsezi mukupanga mutafokasa kale ndiye kamera ikasuntha olo pang'ono chabe simungaonenso chifukwa galasi latsekeka. Komanso timajambula bowo la lenzi litachepetsedwa kwambiri, pa f/22, f/32 mpaka f/45, ndiye ndi filimu ya ISO 100 pa f/32 dzuwa lili phwee muli pa 1/30, mukalowa pamthunzi mwafika kale theka la sekondi, muikepo fyuluta yofiira mwapitirira masekondi awiri. Nthawi yonseyi miyendo ija ikufunika ikhale chete.

Nanga bwanji matabwa? Thabwa limameza kunjenjemera. Chitsulo chonga paipi ukachigogoda chimalira kwa kanthawi, thabwa limangoti du nkusiya, ndipo zimenezi mutha kudzionera nokha pagalasi ndi loupe, kagalasi kokuzira zinthu kaja. Lachiwiri thabwa siliwotcha manja pa dzuwa la Okutobala komanso silizizira ngati aluminiyamu m'mamawa wa Juni mukakhala ku Nyika kapena pa Zomba pamwamba paja. Lachitatu, lomwe kwa ine ndi lalikulu, miyendo yake ndi timatabwa totsetsereka tomangidwa ndi kalampu yoonekera, mchenga wa kunyanja ukalowa mumangomasula nkukuntha, pomwe maloko opotokola aja a ma tripod a carbon fibre mchenga ukalowa m'mazinga mumva kukukuta mpaka mutaphwasula zonse. Sindikunyoza carbon ayi, yabwino ndi yolimba ndipo ndi yopepuka kwambiri, ngati mukukakwera Mulanje ndi chikwama kumsana palibe choganizira kawiri. Koma kulemera kwa thabwako pa ntchito iyi kumathandiza, mwera ukamawomba kamera yokhala pa miyendo yolemera siidandaula msanga.

Musanayang'ane mtengo wa tripod iliyonse, kwezani kaye kamera yanu pasikelo, ili ndi lenzi yolemera kwambiri yomwe muli nayo, holder ili momo. Kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi. Intrepid ya 4x5 siifika kilo imodzi ndi theka, Chamonix ya 4x5 ili chapompo, Linhof Technika imadutsa makilo awiri ndi theka, Deardorff ya 8x10 ili pakati pa makilo 5 ndi 6, makamera a Sinar a mu situdiyo okhala pa kanjanji kamodzi, ma monorail aja, nawonso ndi akatundu. Mukatero musakhulupirire nambala yolembedwa pabokosi ija yoti imanyamula makilo mwakuti, nambala imene ija ikungonena kuti miyendo siigwa, sikunena kuti chithunzi chituluka chakuthwa. Chofunika kwambiri ndi kutalika kwa kamera mukaikoka. Lenzi ya 150mm pa 4x5 bellows imangotuluka masentimita 15 mukamajambula phiri, koma lenzi ya 300mm pa 8x10 mukafuna kujambula duwa kuti lituluke saizi yake yeniyeni bellows itambasuka masentimita 60, lenzi yolemera ili kunsonga uko, zonsezo zakhala pa bauti imodzi pakati. Ndiye tripod isankheni potengera tsiku lomwe kamera idzatambasuke chonchi, osati ili yopinda.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, pamwamba pomwe kamera imakumana ndi miyendo, chifukwa kugwedera kwambiri kumabisala pamenepa osati m'miyendo. Munthu amagula miyendo yamphamvu ngati mizati ya nyumba nkuikapo kamutu kakang'ono ka puleti yonga bokosi la machesi, ndiye wapindula chani? Kamera ya field, yopinda yoyenda nayo panja ija, pansi pake ndi pathabwa lotambalala, imafuna pokhala potambalalanso kuti isamapotokoke mukamakankha holder kuchokera m'mbali. Mutu wa mpira ine sindimaulimbikitsa pa kamera izi, ukamasula chilichonse chimamasukira limodzi, mukufuna kungoweramitsa pang'ono kutsogolo levulo ya m'mbali yathawanso, mutu uli mu nsalu thukuta lili kamukamu. Bola mutu wa zogwirira ziwiri kapena zitatu womwe mbali iliyonse ili ndi loko yakeyake, kapena wa magiya ngati Manfrotto 410 ngati kamera yanu ndi 4x5 yopepuka, pa 8x10 umenewu ndi wochepa. Ndipo pali njira ina yomwe ambiri saiganizira, kusaika mutu nkomwe. Ma tripod ena a matabwa amabwera ndi ka mpira kolevulira komangidwira m'kati mwa pamwamba pake momwemo, mumamanga kamera pomwepo nkulevula, kukweza ndi kutsitsa chithunzi mumapanga ndi rise ndi fall, kutsetsereketsa lenzi m'mwamba kapena m'munsi pa kamera yomweyo, nanga si ndi ntchito yake. Kwa munthu wojambula mapiri, mitengo ndi nyumba zimakwana, mwachepetsa kulemera komanso mwachotsa jointi imodzi yogwedera. Wojambula zinthu zapansi moloza pansi kwambiri yekhayo ndi amene mutu sangauthawe.

Chitsulo chapakati chokweza chija, center column, ngati mungapeze tripod yopanda icho tengani yomweyo. Mukachikweza ndiye kuti kamera yaima pa mwendo umodzi basi.

Onaninso bauti. Makamera amabwera ndi mazinga a mitundu iwiri, 1/4 inchi ndi 3/8 inchi, akuluakulu ambiri ali ndi 3/8 ndipo ngati kamera yanu ili ndi mabowo onse awiri gwiritsani ntchito lalikululo. Timaadaputa tosinthira saizi tija tilipo totchipa koma tikamasuka kamera imazungulira yokha, ndiye kamangeni kolimba kakhaliretu momo.

Mayina omwe mudzakumane nawo kwambiri ndi awiri. Berlebach ndi kampani ya ku Mulda ku Saxony m'dziko la Germany, inayamba mu 1898 ndipo amapanga ndi mtengo wa ash. Mtundu wawo wa Report ndi wopepukirapo, makilo atatu chapamenepo kutengera modelo, ndipo pa 4x5 ndi 5x7 umakwana bwinobwino, muli ena okhala ndi ka mpira kolevulira ndanena kaja komwe kamapendekeka mpaka madigiri 30. Mtundu wa UNI ndi wolemera kwambiri, anthu oyang'ana nyenyezi amaikapo ma telescope awo, wa 8x10 yolemera ayang'ane kumeneko. Dzina lina ndi Ries ya ku America, inayambira ku Hollywood m'zaka za m'ma 1930, pano ili ku Washington State, amapanga ndi mtengo wa maple ndipo Edward Weston, wojambula zithunzi wotchuka wa ku America, ankajambulira pa Ries. J100 ndi ya makamera ocheperako, A100 ndi ya 8x10 kupita m'mwamba, ndipo chomwe chimandisangalatsa pa Ries nchoti mwendo uliwonse umalokedwa paokha pa ngodya iliyonse yomwe mwafuna, pamiyala pomwe mwendo wina uli m'mwamba wina m'munsi zimathandiza koopsa. Mitu yawo ya J250 ndi A250 ili ndi pamwamba potambalala bwino. Koma Ries ndi yodula, tisanamizane, ndipo mukaonjeza ndalama yotumizira chinthu cholemera chachitali chonchi kuphatikiza msonkho wa kasitomu mtengo umakwera kwambiri, ndiye kwa woyamba ndi 4x5 ine ndinganene kuti Berlebach Report, olo yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi poyambira pabwino.

Za kutalika musatengeke nazo. Simukufunika tripod yofika pamphumi panu, chifukwa pamwamba pa miyendo pali mutu, kenako kamera, ndipo pakati pa galasi pali masentimita 15 kapena 20 kuchokera pansi pa kamerayo. Imani mowongoka, yezani kuchokera pansi kufika m'maso, chotsanipo zimenezo, yotsalayo ndiye kutalika komwe mukufuna, muonjezepo pang'ono poganizira malo otsetsereka pomwe mwendo umodzi umafunika utalike. Chomwe anthu amaiwala ndi kutalika kwake ikapindidwa. Ya zigawo ziwiri ndi yolimba komanso yofulumira kuimika koma ikapindidwa imakhalabe yaitali, ina kuyandikira mita, mu sutikesi siilowa ndipo mu minibasi mudzaiyika pamiyendo ulendo wonse. Ya zigawo zitatu imafupika koma makalampu achuluka. Dzifunseni moona mtima kuti mumayenda bwanji pokajambula, ngati ndi pagalimoto nkuyenda mamita ochepa tengani yolemera ya zigawo ziwiri, ngati ndi wapansi mtunda wautali tripod yolemera kwambiri idzayamba kutsala kunyumba ndipo kamera idzatsala nayo limodzi.

Kunsi kwa miyendo kukhale zisonga zachitsulo zolowa m'dothi, komanso njira yozibisira ndi labala mukalowa m'nyumba, chifukwa zisonga pa simenti yopolisha kapena matailosi zimaterereka ndipo mwini nyumba sangakondwe nazo. Onaninso ngati miyendo ili ndi poimira kuti isamangotakasuka yokha, ngati ilibe pamafunika tcheni kapena lamba womanga miyendo itatuyo.

Mukapeza yakale, ndipo zakale zambiri zimakhala zabwinobwino, iyang'aneni ngati mmene mumayang'anira mpini wa khasu. Mizere ya thabwa iyende molunjika kuchokera kumwamba mpaka kunsi, pasakhale mfundo, pasakhale mng'alu makamaka pomwe bauti yaboola thabwa kumtunda kuja. Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa ndiye kuti tizilombo tinalowa, isiyeni. Tambasulani mwendo uliwonse muone ngati ukutsetsereka osakakamira, wopindika umadziwika pomwepo. Kenako imikani, mangani zonse, gwirani pamwamba ndi manja awiri nkupotokola ngati mukutsegula chivindikiro cha ndowa, ikamavomera kuzungulira ndiye kuti mahinji atha kapena angomasuka, yesani kumanga mabauti muone ngati zisintha. Ngati kamera mwabwera nayo ndiye bwino kwambiri, ikokeni bellows yonse, fokasani chinthu chakutali, loupe pagalasi, wina agogode mwendo ndi chala inu muwerenge kuti chithunzi chikhazikika liti. Chikamavinabe masekondi angapo imeneyo si yanu. Lowetsaninso holder nkuitulutsa katatu muone ngati chithunzi chabwerera pomwe chinali.

Pali njira ina yotchipa yomwe ndimaikonda, ma tripod a anthu oyeza malo ndi misewu aja, achikasu kapena a orenji. Ambiri ndi a matabwa, ndi olimba moti 8x10 saimva nkomwe, vuto bauti yake ndi ya 5/8 inchi ndiye pafunika adaputa yotsitsira ku 3/8, kapena kapuleti komwe munthu wa lathe angakupangireni, ndipo ndi olemera komanso zisonga zake ndi za panja basi. Kupangitsa kwa kalipentala nkothekanso ngati muli ndi ina yoti aonere, koma thabwa likhale louma zenizeni, mlombwa wouma bwino supindika chisawawa, paini ndi wofewa mabauti amadya thabwa, bulugamu wosauma amang'aluka. Chovuta si matabwawo koma zitsulo za kumtunda ndi makalampu, pamenepo musaumire ndalama, ndipo pezani mabauti osachita dzimbiri.

Ikafika m'manja mwanu kuisamala sikovuta. Mukaimika m'madzi kapena m'matope itsukeni ndi madzi oyera, iume pamthunzi miyendo ili yotambasula osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Pomwe vanishi wasupuka pakanipo mafuta a linseed pang'ono, motsetsereka muja phula la kandulo limakwana, girisi ayi chifukwa amakola fumbi. Nthawi ya dzinja thabwa limafufuma ndiye poisunga masulani makalampu pang'ono, chilimwe likauma mudzapeza mabauti a kumtunda amasuka, yendani ndi sipanala yake m'chikwama. Ndipo musaigoneke pansi m'chipinda chosungira katundu momwe chiswe chimafika, ikolekeni pakhoma.